Naim Agona Kumpanda

Lolemba, 4 Malichi

Andigoneka. Wodi ya amayi, bedi la pawindo. Maso achita chikasu, thupi likuyabwa ngati ndagona pa chitedze. Dokotala Raman akuti njira ya ndulu yatsekeka, koma chimene chatsekacho sanachitchule. Atenga magazi, mawa andijambula m'mimba pa sikani. Pamutu pa bedi akoloweka kakhadi: Aziza, zaka 79, osadya nkhumba. Moyo wanga wonse wakwana pa kakhadiko.

Pabedi loyandikana ndi langa pali Mayi Goh, anathyoka nyonga m'bafa. Timamvana m'chiyankhulo cha Chimalaya, cha pamsika.

"Ana alipo, achemwali?"

"Awiri. Wamkazi ali ku Sydney, wamwamuna ali kumanda."

"Bola wakumandayo," anatero. "Ali pafupi, ndipo sanama kuti ndege yadula."

Lachinayi, 7 Malichi

Zotsatira zabwera. Chotupa pa kapamba, chafika kale kuchiwindi. Opaleshoni akuti ayi. Adzalowetsa kachubu kuti ndulu izidutsa, kuyabwa kuchepe. Ndinamufunsa Raman kuti anene mosazungulira. Anayang'ana nsapato zake, kenako anati tiwerenge miyezi, osati zaka. Ndinamuthokoza. Mnyamata wabwino, kungoti amayankhula ndi nsapato.

Ndaimbira Farha, mwana wanga wa ku Sydney. Walira, akuti abwera akapeza tchuthi.

Chakudya cha muno sindidya, sindidziwa miphika yake. Nthochi, mazira owiritsa, tiyi.

Lachisanu, 8 Malichi

Ayuda mu Singapore muno tatsala ochepa moti ukatsokomola kuchipatala, ku sunagoge amva kale. Masana kunabwera mtsikana, dzina lake Talya, wa ku Thumba la Okalamba. Thumbali ndi limene limasunga nkhalamba zathu zopanda owasamala, m'nyumba ija ya kuseri kwa msika. Anabweretsa msuzi wa nkhuku, buledi wa Sabata ndi timakandulo ta mabatire, poti muno moto saloleza.

"Anti, mukupeza bwanji?"

"Wabwera kudzaona ine, kapena nyumba yanga?"

Anafiira mpaka m'makutu. "Ayi Anti, ine ndangobweretsa msuzi."

"Nanga chatulukira m'chikwamamo ndi chiyani, ndi supuni?"

Kanali kabuku kawo, ka momwe munthu angasiyire Thumba gawo la chuma chake pa wilo. Pachikuto pali nkhalamba ziwiri zikuseka ndi mano onse. Ine nkhalamba zathu ndimazidziwa, palibe ya mano otero.

Ndisanamizire. Thumbalo limagwira ntchito. Mkulu wanga Rahma anathera kumeneko, ndipo anamusambitsa, kumudyetsa ndi kumupirira mpaka tsiku lomaliza, chonsecho Rahma anali wotukwana. Talya akuti pano denga likudontha, ndipo namwino ndi mmodzi pa anthu onse aja. Ndikukhulupirira. Nyumba yanga ya pamwamba pa sitolo ya magalasi ikanawathandiza zaka zambiri. Farha saifuna, ali ndi yake ya dziwe losambiramo.

Koma ndili nawo chifukwa anthu amenewa. Msuzi ndinamwa, unali wabwino, ndipo zimenezo zinandikwiyitsanso.

Lamlungu, 10 Malichi

Lero ndili ndi mphamvu, ndilembe bwinobwino.

Naim, mwana wanga wamwamuna uja, anali ndi zaka 24. Ankaphunzira zomangamanga, ankaseka mokweza ngati malume ake. Kenako anasiya kugona, anasiya kudya, nkumati makoma akumunena. Ndinapempha bambo ake, Saleh, kuti tipite naye kwa dokotala. Saleh anati ndi kutopa ndi mabuku, zitha. Tsiku lina m'mawa Naim anakwera pamwamba pa nyumba yosanja ya anthu ena, ndipo sanatsike pamasitepe. Papita zaka 26.

Kwathu akazi sitipita kumanda tsiku loika maliro. Ndinatsala kunyumba. Saleh atabwerako anati, "Amuika kumpanda. Wodzipha sagona pakati pa anthu. Lamulo ndi lamulo, rabi wakana." Sanandilole kung'amba bulauzi monga tichitira pa maliro. Masiku asanu ndi awiri amene timakhala pansi polira maliro, obwera kudzatipepesa anali owerengeka, ndipo ankanong'ona ngati m'nyumba muli nthenda yopatsirana. Patatha mwezi ndinapita kukaona. Kumpanda kwenikweni, pafupi ndi mpopi umene anthu amasamba m'manja potuluka. Aliyense amamudutsa mwana wanga, kenako nkusamba.

Kuyambira tsiku limenelo sindinapondenso mu sunagoge. Saleh anapitiriza kupita, mpando wake wakutsogolo, ndipo ndinkamumvera chisoni kuti amapirira kukhala ndi anthu amene anataya mwana wake. Anamwalira zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Agona mzere woyamba, pamthunzi. Malo anga ali pambali pake, anagula kale.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Akufuna nyumba, ine ndikufuna mwana wanga alowe mkati. Tiona wouma mtima ndani.

Lolemba, 11 Malichi

Kwabwera a Pereira, loya wathu wakalekale, akupuma mwawefuwefu chifukwa cha masitepe. Ndinawauza kuti alembe chonchi: nyumba ndi sitolo zipite ku Thumba la Okalamba, pokhapokha Naim atafukulidwa nkuikidwa pakati pa anzake. Akakana, zigulitsidwe, ndalama zipite kosungira amphaka.

"Amphaka, mayi?"

"Amphaka. Iwo sanandilakwire."

"Kulemba ndilemba, koma khoti silingakakamize rabi. Mukamwalira iwo nkukana, inu simudzakhalapo kuti mukalipe. Bwanji muwafunse muli moyo?"

Mayi Goh anamva zonse, makutu awo sanathyoke nawo. A Pereira atapita anati, "Mukuchita malonda ndi Mulungu wanu? Wathu timangomupatsa malalanje."

Lachitatu, 13 Malichi

Alowetsa kachubu dzulo, kudzera pakamwa, atandigonetsa. Kukhosi kukuwawa. Kutentha thupi 38.6, andiika dripi ya mankhwala opha tizilombo, katatu patsiku. Kuyabwa kwachepako. Sindinadye.

Lachisanu, 15 Malichi

Kutentha kwatsika. Phala la mpunga, masupuni angapo.

Kunabwera a Heskel, wapampando wa Thumba. Tinakulira msewu umodzi, ankaba magwafa kwathu ali ndi kabudula wong'ambika kumbuyo. Pano ali ndi ndodo ya mutu wasiliva. Anabweretsa zipatso za kanjedza, nkukhala pampando osavula chipewa.

"Aziza, mwaonda."

"Inu mwanenepa. Ndi zakudya za pamaliro."

"Pakamwa mpomwe paja, ndiye kuti simunafe. Ndamva za amphaka."

"Mwamva bwino. Nyumba ilipo, mwana wanga alipo. Sinthanani."

Anagogoda pansi ndi ndodo. "Manda si sitolo, Aziza. Mukufuna anthu adzati Thumba limagulitsa chilamulo? Nkhalamba zija zikugona pansi pa denga lodontha, zinakulakwirani chiyani?"

"Naim anakulakwirani chiyani inuyo? Munalipo tsiku lija. Munanyamula nawo bokosi mpaka kumpanda, manja anu omwewo."

Ndinkayembekeza kuti akalipa, koma nkhope inangogwa.

"Ndibwera ndi rabi Lamlungu," anatero. "Ndi watsopano, simumudziwa. Muyankhule naye yekha, ine ndakalamba."

Zipatsozo ndapatsa Mayi Goh. Akuti alendo anga amabwera ndi zabwino, ndizikangana nawo pafupipafupi.

Lamlungu, 17 Malichi

Ndilemba zonse monga zinachitikira.

Rabiyo ndi mwana, ndevu zake sizinagwirizane nkomwe. Anakhala pafupi, a Heskel anaima kumapazi kwa bedi. Ndinali nditakonzeka kumenya nkhondo. Ndinamuuza za nyumba, za amphaka, zonse.

"Mayi," anatero, "nyumbayo tiiike kaye pambali. Mukaipereka, Thumba lithokoza. Mukapanda kuipereka, ndi yanu. Nkhani ya mwana wanu ndi ina. Ankadwala?"

"Mukufunsa chiyani?"

"Mutu wake. Masiku omaliza aja, anali iye mwini?"

"Ankamva makoma akuyankhula."

"Ndiye chilamulo sichimuwerenga ngati wodzipha. Wodzipha ndi amene wachita ali bwinobwino, akudziwa chimene akuchita. Wodwala ndi wodwala. Amaikidwa pakati pa anthu, amalilidwa ngati wina aliyense. Pamangofunika wapabanja anene pamaso pa mboni kuti mwanayu mutu sunali bwino. Ndipo kumusamutsa kuti akagone pafupi ndi makolo ake nkololedwa."

Ndinaseka, kuseka koipa. "Chilamulo chatsopano chimenechi, chabwera ndi ndege limodzi ndi inu?"

"Ndi chakale kuposa agogo anu, mayi. Rabi aliyense amachidziwa."

"Nanga rabi wakale uja sankachidziwa?"

Mnyamatayo anatembenukira kwa a Heskel. A Heskel anavula chipewa, kutsala ndi kachipewa kakang'ono kamapemphero kam'kati, nkuyamba kupotokola mlomo wa chipewacho.

"Ankachidziwa, Aziza. Anamupempha Saleh katatu, ine ndili pomwepo, m'kachipinda kosambitsira maliro. Anati, Saleh, ungonena kuti mnyamatayu ankadwala mutu, ine ndimuika pambali pa agogo ake. Anachita kumugwira dzanja."

"Ndiye?"

"Saleh anati m'nyumba mwake mulibe wamisala. Farha anali atatomeredwa kumene, ku banja lija la ku Sydney. Mukudziwa mmene timafufuzira magazi tisanakwatitse. Tchimo la munthu mmodzi limathera pa iye, koma misala amati imayenda m'banja. Anati bola anthu azinena kuti Naim anachimwa, kusiyana ndi kuti azinena kuti mlongo wake adzabala amisala."

Ndinafunsa kuti ndani wina ankadziwa.

"Amuna onse amene tinali kumanda."

"Ndiye kuti ndi akazi awo omwe."

A Heskel anapitiriza kupotokola chipewa.

"Zaka zonsezi ndimakudutsani pamsika osakupatsani moni, inu nkumangondiyang'ana?"

"Saleh anatilumbiritsa. Atamwalira tinati, tikamuuze kuti apindule chiyani? Mwamuna wapita, tisamulandenso ndi mwamuna wa m'mutu mwake. Tinkati tikukusungani, Aziza."

Ndinawauza kuti atuluke. Rabi anafuna kupemphera, ndinati akapempherere pakhonde.

Lolemba, 18 Malichi

Sindinadye. Ululu kumsana, ayamba mofini wakumwa. Raman akufunsa ngati chilipo chandikhumudwitsa. Ndati msuzi.

Lachiwiri, 19 Malichi

Zaka 17 ndinaphikira munthu ameneyo mwana ali kumpanda. Lachisanu lililonse nkhuku yofutira mpunga, kuti adye yotentha pa Sabata akachoka ku sunagoge. Ndinkamusitira malaya oyera. Ndinkati mwamuna wanga ndi wolimba, amapita kukakhala pakati pa adani athu. Pobwera ankandiuza kuti, "Usawakwiyire kwambiri, Aziza." Ine nkumati taonani mtima wabwino.

Ndikumuda. Ndalemba, ndawerenganso, sindifufuta.

Mayi Goh anandimva ndikulira, anatambasula ndodo yawo nkugogoda bedi langa. "Achemwali, amuna akufa ndi ovuta. Sungawamenye, sungawathawe."

Lachinayi, 21 Malichi

Mimba yatupa, achotsa madzi ndi singano, pafupifupi malita awiri. Ndapumako bwino. Miyendo yatupanso.

Talya anabwera ndi msuzi, wopanda kabuku. Anakhala pansi nkundidula zikhadabo. Ndinamufunsa ngati m'nyumba ya okalamba muli amene mutu unasokonekera. Akuti alipo angapo, ndipo abale awo amati ndi ukalamba chabe. Achinyamatanso alipo mumpingo, makolo amawabisa, amapita nawo kwa madokotala akutali kuti asakumane ndi odziwana nawo. Ndiye kuti palibe chasintha, tangogula magalimoto.

Lamlungu, 24 Malichi

Farha wafika. Wanenepa, tsitsi wadaya. Anandikumbatira, akununkhira ndege. Anabweretsa zithunzi za adzukulu, onse aatali, onse amutu wabwino, wina dokotala. Ndinaziyang'ana bwinobwino. Ndi ana okongola, sindingakane.

Ndinadikira akhale pansi.

"Unkadziwa za Naim?"

Sanafunse kuti za chiyani. Pomwepo ndinadziwa.

"Ababa anandiuza ndili ndi pakati pa woyamba. Amati ndiziyang'anitsitsa anawo, ndikaona chachilendo ndithamangire kwa dokotala msanga."

"Kwa dokotala."

"Inde."

"Ana ako kwa dokotala msanga. Wanga anali wotopa ndi mabuku."

"Amayi, ine ndinali ndi zaka 21. Sindinapemphe munthu kuti andichitire zimenezo. Mukuganiza kuti ndimagona bwino? Mukuganiza nchifukwa chiyani sindibwerabwera kuno?"

"Ndimayesa ndege yadula."

Analira. Ndinamusiya alire, kenako ndinamupatsa kansalu kanga. Ndi mwana wanga, ukwati wake unali wabwino, mwamuna wake sanamumenyepo. Zonsezo nzoona. Zoona zinanso nzakuti amene analipira ukwatiwo sanadye nawo phwando.

"Apongozi ako akudziwa?"

"Ayi. Ngakhale mwamuna wanga amangodziwa kuti inali ngozi. Amayi, chonde, mdzukulu wanu wamkazi ali pa chibwenzi, banja lake ndi lachipembedzo kwambiri. Zikamveka pano..."

Ndinatembenukira kukhoma. Khomalo silinandiyankhule, mwatsoka.

Lachiwiri, 26 Malichi

Mofini awonjezera. Ndimagona kwambiri. Raman akuti sabata yamawa andisamutsira kunyumba yosamalira odwala osachira. Mayi Goh atuluka lero pa njinga ya olumala. Andisiyira malalanje awiri, akuti ndikapatse Mulungu wanga, mwina sanalawepo.

Ndaitanitsa a Pereira, a Heskel ndi rabi, Lachinayi m'mawa, nthawi imene mutu wanga umagwira bwino.

Lachinayi, 28 Malichi

Onse anabwera. Namwino anakoka makatani, tinadzazana ngati m'basi. Farha anaima kumutu kwanga.

Ndinayamba ndi a Pereira. Amphaka achoke. Mawu akuti pokhapokha achokenso. Nyumba ndi sitolo zipite ku Thumba la Okalamba ndikangomwalira. Akonze denga, alembe namwino wachiwiri. Zotsala zizilipira dokotala wa matenda a m'mutu, azibwera sabata iliyonse, aziona aliyense wa mumpingo, nkhalamba kaya mwana wasukulu. Chipinda chake chikhale chakutsogolo, poonekera, osati kuseri. Raman anatsimikiza kuti ndili bwinobwino m'mutu. Iye ndi namwino anasaina ngati mboni.

A Heskel anafunsa dzina loti alembe pachitseko. "Mwambo wake timalemba mwamuna ndi mkazi, Saleh ndi Aziza."

"Mulembe Naim. Dzina lokhalo."

Kenako rabi anati ndinene mawu aja, iye ndi a Heskel amve. Ndinkaganiza kuti atuluka mosavuta, poti ndawanena mumtima sabata yonse. Sizinatero. Farha anandigwira phewa, sindikudziwa ngati kunali kundilimbitsa kapena kundiletsa.

"Mwana wanga Naim ankadwala mutu. Sanachimwe. Ankadwala, ife sitinamupititse kuchipatala."

Rabi anati zakwana. Zinali zochepa chomwecho. Ndinamupempha lumo. Anamvetsa, anadula pang'ono pakhosi pa diresi lachipatalali, ine ndinang'amba ndi manja anga mpaka pamtima. Namwino anatsegula pakamwa, Raman anamugwedezera mutu kuti asiye.

"Pali malo awiri otsala mzere wachitatu," anatero a Heskel. "Tingamuike pamenepo boma likatipatsa chilolezo."

"Ayi. Mumuike pamalo panga, pambali pa bambo ake. Analipira kale Saleh, ndalama zake zisapite pachabe. Agone naye mwana wakeyo, aliyense wobwera kudzaika kamwala pa manda a Saleh aziwerenga maina onse awiri."

"Nanga inu?"

"Kumpanda. Pafupi ndi pamene achoke Naim."

Rabi anati palibe lamulo loletsa, koma sanamvepo munthu akupempha zimenezo. A Heskel anati, "Aziza, musatichititse manyazi. Mayi woti wapereka nyumba yonse, ife nkukamuika pampopi?"

"Mwana wanga munamuika, manyazi sanakupheni."

Farha anagwada pambali pa bedi. "Amayi, taganizani. Mkazi kukana kugona pambali pa mwamuna wake, nkusankha kumpanda? Abale onse adzabwera, apongozi anga adzabwera. Adzafunsa. Adzati mayiyu mutu unali utasokonekera, zili m'magazi. Ine ndidzayankha chiyani?"

Ndinamusisita tsitsi lodayalo. Kumizu kuli imvi zambiri, sindinkadziwa.

"Udzati inde, mwanangu. Udzati kwathu timadwala mutu, mchimwene wanga ankadwala. Sizitenga nthawi, wamva wekha."

A Pereira anatseka chikwama chawo.

Loweruka, 30 Malichi

Mofini kanayi. Madzi pang'ono, chakudya ayi. Chikasu chabwerera.

A Heskel atumiza uthenga: chilolezo chofukula chitenga milungu ingapo. Raman sanayang'ane nsapato, wanena kuti mwina sindifika.

Farha wakhala nane tsiku lonse. Mwamuna wake anaimba foni kuchokera ku Sydney, anatuluka nayo pakhonde. Ndinatchera khutu. Ndinamva akuti, "Amayi ali bwino, angotopa."